Botolo losweka nalo lili ndi kwawo

Lolemba lina m'mawa mwezi wa June chaka chatha, mwera ukuwomba molapitsa, mtsikana wina wa Fomu 3 adanditsatira ndikutuluka m'kalasi. M'manja adali ndi kachitini kakale kovindikira ndi pepala lapulasitiki.

"Aphunzitsi, bambo apeza izi m'dzenje lomwe akukumbamo dothi la njerwa. Ati ndikufunseni ngati zili ndi mtengo."

Nditavundukula ndidapezamo mikanda ing'onoing'ono yodzaza chikhatho. Ina idali yoyera, ina yabuluu, ina yofiira kunja koma yoyera m'kati. Pansi pake padali mapale awiri a mbiya ndi tako la botolo lochindikala kwambiri. Poliona koyamba lidali lakuda, koma nditaliloza kudzuwa lidaoneka lobiriwira ngati ndere.

Ine ndine mphunzitsi wa Chemistry pasukulu ina yasekondale yoyendera kuno ku Nkhotakota, kamtunda pang'ono kuchoka kunyanja. Labotale yathu yonse imakwana m'kabati imodzi. Za mtengo sindidathe kumuyankha mwanayo. Ndidangomuuza kuti akapemphe bambo ake ayambe aimitsa kukumba mbali imeneyo, ndidzabwera Loweruka. Kachitini adabwerera nako, koma tako la botolo ndi mikanda itatu adandisiyira kuti ndikaonetse anzake.

Ndalemba nkhaniyi chifukwa zinthu zotere zikupezeka m'minda, m'maenje anjerwa ndi m'magombe momwe nyanja yakhala ikugumula zaka zapitazi. Ambiri timaziponya kudzala, ena timazigulitsa pamtengo wa sopo. Chikhalirecho galasi lililonse limasunga m'thupi mwake mbiri ya komwe lidaphikidwa ndi nthawi yomwe lidaphikidwa, ndipo masiku ano kuli anthu odziwa kuiwerenga mbiriyo.

Tsiku lotsatira ndidayamba phunziro ndi funso lomwe lidaseketsa kalasi yonse: "Ndani amadziwa kucheza chidulo?" Atsikana onse adakweza manja, anyamata angapo n'kumayang'ana pansi. Mmodzi adafotokoza bwino lomwe. Umatentha zitsononkho kapena makoko a mtedza, phulusa lake n'kuika m'mbale yobowola pansi, n'kumathira madzi pang'onopang'ono. Madzi odontha pansiwo ndiwo amafewetsa therere kapena chigwada.

Ndidawauza kuti amene akudziwa zimenezi wadziwa kale theka la kapangidwe ka galasi. Galasi ndi mchenga wosungunulidwa. Vuto n'lakuti mchenga pawokha susungunuka mpaka moto upose madigiri 1 700, ndipo ng'anjo yankhuni siingafike pamenepo. Anthu akale adatulukira kuti ukasakaniza mchenga ndi phulusa la zomera kapena soda, umafewa msanga pamoto womwe ng'anjo yawo ikadakwanitsa. Ntchito yomwe chidulo chimagwira mumphika wa therere ndi yomwenso phulusa limagwira mung'anjo ya galasi. Chachitatu chofunika ndi laimu, yemwe amalimbitsa galasi kuti madzi asamalidye.

Tsono monga zilili kuti chidulo cha zitsononkho ndi cha makoko a mtedza sizifanana ukali, magalasi a maiko osiyanasiyana nawo safanana, popeza aliyense amaphika ndi zomwe zili pafupi naye.

Ku India amasesa dothi lamchere lomwe limayera pamwamba pa nthaka nyengo yadzuwa, lomwe iwo amalitcha reh. Dothili limabwera ndi soda wake komanso mchenga wake, n'chifukwa chake galasi la kumeneko limakhala ndi aluminium wochuluka koma laimu wochepa. Ku Venice m'dziko la Italy, komwe ng'anjo zonse za galasi adazisamutsira pachilumba cha Murano m'chaka cha 1291 poopa moto mumzinda, ankaitanitsa phulusa la zomera za m'malo amchere kuchokera ku Syria ndi Egypt. Mchenga wawo ankaupeza posinja timiyala toyera ta mumtsinje wa Ticino. Cha m'ma 1450 mmisiri wina wa kumeneko, Angelo Barovier, adatchuka ndi galasi loyera ngati madzi akumwa, lomwe ankalipanga atayamba walisungunula phulusalo m'madzi, kulisefa ndi kuliumitsanso. Kumeneko ndiye kucheza chidulo kwenikweni.

M'nkhalango za ku Germany ndi maiko oyandikana nawo ankagwiritsa ntchito phulusa la mitengo, lomwe lili ndi potassium wambiri, ndipo galasi lawo linkatuluka lobiriwira. Ku England boma lidaletsa kutenthera galasi ndi nkhuni m'chaka cha 1615 pofuna kuteteza mitengo. Amisiri atasamukira ku malasha, moto udakula ndipo adayamba kupanga mabotolo ochindikala, akuda ndi olimba, oti n'kuyenda nawo panyanja miyezi yambiri osasweka. M'chaka cha 1674 George Ravenscroft wa ku London adalembetsa kuboma galasi lake latsopano, lomwe adadzalikhwimitsa pothiramo mtovu, ndipo lidali lolemera ndi lonyezimira. Kenako m'chaka cha 1791 Mfalansa wina, Nicolas Leblanc, adapeza njira yopangira soda kuchokera ku mchere wamba. Galasi lopangidwa ndi soda wa kufakitaleyu silikhala ndi zotsalira za phulusa monga magnesium ndi phosphorus wochuluka. Apa mutha kuona kuti kaphikidwe kamaulula dziko komanso nyengo.

Mtundu wa galasi nawo uli ndi mwini wake. Kubiriwira kwa tako la botolo lija kumachokera ku chitsulo chomwe chimapezeka mumchenga wosayeretsa. Buluu wakuda amachokera ku cobalt, ndipo kachidutswa kochepetsetsa kamakwanira mphika wonse. Mkuwa umapereka mtundu wobiriwira kapena wofiira ngati katondo, malinga ndi mpweya womwe uli mung'anjo. Kufiira kowala kwa mikanda ina ya ku Venice ya m'zaka za m'ma 1800 kudachokera ku golide weniweni, ndipo kuyera kwake kudachokera ku mtovu ndi arsenic, poizoni woopsa uja. Ana adadabwa kumva kuti kamkanda kochepa ngati njere ya mapira kangakhale ndi golide ndi poizoni pamodzi. Mnyamata wina adafunsa ngati tingathe kumuchotsamo golideyo. Ndidamuuza kuti golide yemwe ali mumkanda umodzi ndi wochepetsetsa kwambiri.

Nanga akatswiri amaziona bwanji zimenezi popanda kuswa mkandawo? Njira imodzi yodalirika ndi makina otchedwa LA-ICP-MS. Kuwala kwamphamvu kwa laser kumaboola kabowo kochepa ngati kunenepa kwa tsitsi limodzi, koti ndi maso sungakaone. Kafumbi kotuluka pamenepo kamakankhidwa ndi mpweya kulowa m'lawi lotentha madigiri masauzande angapo, momwe kamagawanika kukhala tizigawo toyambirira tomwe m'kalasi timati maelementi. Makinawo amasanja tizigawoto malinga ndi kulemera kwake n'kuwerenga kuti aluminium ndi wochuluka bwanji, mtovu bwanji, cobalt bwanji, mpaka maelementi oposa 50. Zotsatirazo amaziyerekeza ndi za magalasi omwe kwawo kumadziwika kale. Mkanda umabwerera kwa eni ake uli wamphumphu.

Izi sizongochitika kwa azungu kokha. Zachitika ndi mikanda ya kwathu konkuno. Pakati pa 2016 ndi 2019, akatswiri ofukula zinthu zakale omwe ankagwira ntchito m'mapanga a m'chigwa cha Kasitu m'boma la Mzimba adapeza timikanda tagalasi tating'ono kwambiri, toti popanda sefa ya maso aang'ono tikadapita ndi dothi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Timikanda 29 tochokera m'malo atatu tidakapimidwa ku Field Museum mumzinda wa Chicago ku America. Ntchitoyi adaigwira Laure Dussubieux, Menno Welling, Potiphar Kaliba wa m'dziko mwathu muno ndi Jessica Thompson wa ku Yale University, ndipo zotsatira zake zidalengezedwa m'chaka cha 2022.

Mikanda 28 idapezeka kuti idaphikidwa ku Ulaya ndi kaphikidwe ka chapakati pa zaka za m'ma 1800. Umodzi wokha udali wosiyana ndi inzake. Kaphikidwe kake kadali ka chigawo cha India, ka pakati pa zaka za m'ma 1400 ndi 1600. Kamkanda kamodziko kadachitira umboni kuti njira zamalonda zochokera kunyanja yamchere zidafika kumapiri a Mzimba kale kwambiri katundu wa ku Ulaya asadayambe kusefukira kuno. Katundu wa azungu adadzera m'njira zomwe makolo athu adaponda kale.

Umboni wina uli ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, komwe kudali likulu la a Kalonga a Amaravi. Kumeneko Dr Yusuf Juwayeyi adafukula mikanda yagalasi yambirimbiri, yochuluka mwa iyo ya mtundu womwe akatswiri amati udachokera ku India, pamodzi ndi zibenthu za mbale za ku China, zinthu zamkuwa ndi zidutswa zambiri za minyanga ya njovu. Zonsezi adazifotokoza m'buku lake lomwe lidatuluka m'chaka cha 2020. Zolembedwa nazo zikugwirizana ndi nthaka. M'chaka cha 1616 Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, adayenda wapansi kuchoka ku Tete mpaka ku Kilwa kudzera m'dziko la Amaravi, ndipo m'njira monse ankapereka nsalu ndi mikanda kwa mafumu kuti amulole kudutsa. Mikanda idali ndalama.

Tsono tibwere kwathu. Ngati pali malo m'Malawi muno pomwe nthaka iyenera kukhala ndi magalasi ambiri akale, ndi pano pa Nkhotakota. M'zaka za m'ma 1840, Salim bin Abdullah, yemwe timamudziwa kuti Jumbe woyamba, adakhazikika pano kuchokera kugombe la nyanja yamchere. Iye ndi omwe adalowa m'malo mwake adasandutsa Linga kukhala dooko lalikulu. Zombo zawo zinkaoloka nyanja kupita kutsidya la kum'mawa, ndipo kuchokera kumeneko anthu ankayenda wapansi miyezi ingapo mpaka ku Kilwa. Popita ankanyamula minyanga ya njovu ndi anthu ogwidwa ukapolo. Pobwera ankatenga nsalu, mfuti, wonga ndi mikanda. David Livingstone adafika kuno m'chaka cha 1861 n'kubweranso mu 1863, ndipo mtengo wa mkuyu womwe amaukumbukira nawo tonse timaudziwa. Mu 1889 Harry Johnston adasainirana pangano ndi Jumbe wa nthawiyo, ndipo pakati pa zaka za m'ma 1890 Jumbe womaliza adachotsedwa paudindo n'kutumizidwa ku Zanzibar.

Mbiri imeneyi timaiphunzitsa kuchokera m'mabuku olembedwa ndi alendo omwe adagona pano masiku owerengeka. Iwo adalemba za Jumbe, za mafumu ndi za zombo. Za mayi wamba yemwe ankalima chinangwa m'mbali mwa Kaombe kapena kuwedza pa Chia sadalembe. Ankavala chiyani? Katundu wakunja ankathera m'linga la Jumbe kapena ankafika m'midzi yonse? Malonda adayamba ndi Jumbe kapena iye adapeza akuchitika kale? Mayankho a mafunso otere ali m'nthaka. Mkanda wa kaphikidwe ka ku India utapezeka pansi pa mikanda ya ku Venice, pamodzi ndi mapale a mbiya za makolo, ungatiuze kuti gombe lino lidadziwana ndi dziko lakutali Jumbe asadabadwe.

Ngakhale mikanda yofiira kunja ndi yoyera m'kati ija ili ndi mibadwo yake. Yoyambirira idafiiritsidwa ndi golide, pomwe yapambuyo pake, kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ambiri ankaifiiritsa ndi selenium. Ndi maso imaoneka ngati ya mimba imodzi, koma makina atha kusiyanitsa wa nthawi ya zombo za Jumbe ndi womwe agogo athu adagula m'sitolo nthawi ya atsamunda.

Tako la botolo lija tidaliunika ndi zomwe tili nazo, maso ndi dzuwa. Mudali timathovu ta mpweya tambiri. Mbali imodzi idali yochindikala kuposa inzake. Pakati pa dzenje la pansi padali chipsera chokhakhala, pomwe mmisiri adamatapo ndodo yachitsulo kuti agwire botolo likadali lamoto pokonza kukamwa kwake. Tidaliyerekeza ndi botolo la chakumwa cha lero, lomwe lili ndi mzere woongoka kuchokera pansi mpaka kukamwa, chizindikiro cha chikombole cha makina. Makina opanga mabotolo okha adayamba ndi Michael Owens ku America m'chaka cha 1903. Ana adagamula okha kuti lathuli lidauziridwa ndi mpweya wa m'chifuwa cha munthu. Ndidaona ana omwe amagona ndikamalemba pabolodi akulimbirana kugwira chibenthu cha botolo.

Loweruka ndidapalasa njinga kupita kumudzi kwa mtsikana uja. Bambo ake adandilandira bwino, n'kundiyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango. Nditafunsa za kachitini, adayamba akanda kumutu.

"Aphunzitsi, musandione ngati wamwano. Lachinayi kudabwera mkulu wina panjinga yamoto, amafunsa za ndalama zakale zachitsulo. Nditamuonetsa mikanda ija adandipatsa K5 000. Mwana yemweyu amafunika ndalama kusukulu kwanu komweko. Ndikadatani?"

Ndidasowa chonena. Bambowa sadabe kanthu, ndipo njala ya pakhomo pawo ndikuidziwa. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Adandiperekeza kudzenje kuja. Lidali litafika m'chiuno, ndipo dothi la mbali yomwe mudatuluka mikanda lidali litapondedwa kale, njerwa zake zili ndandanda padzuwa. M'khoma la dzenjelo munkaoneka mzere wakuda wa makala ndi timafupa ta nsomba, kuya kwake kufika m'bondo. Bambowo adati mikanda idali "chapamenepa", koma sadakumbuke ngati idali pamwamba pa mzerewo kapena pansi pake.

Apa ndi pomwe padatayika chinthu chachikulu kuposa mikandayo. Nthaka imaunjikana ngati zovala m'sutikesi: chomwe chidaikidwa poyamba chimakhala pansi. Makala aja akatswiri atha kuwapima n'kudziwa zaka zake, ndipo mapale a mbiya amasonyeza anthu omwe ankakhala pamalopo. Mkanda ukakhala pamalo pake pakati pa zinthu zimenezi umanena komwe udachokera, nthawi yomwe udafika ndi anthu omwe adaulandira. Ukangochotsedwa, makina a ku Chicago angakuuzeni kuti ndi wa ku Venice, basi. Zoti udafika pagombe la Nkhotakota palibenso angatsimikize. Madzi akatayika saoleka.

Sindikunena kuti anthu aleke kuumba njerwa kapena kulima. Ndikupempha zinthu zochepa zomwe sizilira ndalama. Mukapeza mikanda, mapale, zibenthu za mabotolo ochindikala kapena mafupa pokumba, sunthirani mbali ina, pamenepo pasiyeni. Jambulani ndi foni zinthuzo zisadachotsedwe, mutaika chala kapena bokosi la machesi pambali kuti kukula kwake kuoneke. Yezani kuya kwake, ngakhale ndi mpini wa khasu. Musazikweche ndi mchenga kapena sopo. Zomwe zatuluka kale zisungeni m'pepala lolembedwa tsiku ndi malo, za malo osiyana osaziphatikiza. Kenako dziwitsani amfumu ndi ofesi ya bwanamkubwa kuti uthenga ukafike kunthambi ya boma yoona za zinthu zakale. Lamulo la dziko lino loteteza zinthu zakale limafuna kuti wozipeza anene, ndipo sililola kuzifukula dala kapena kuzitulutsa kunja popanda chilolezo. Woyenda panjinga yamoto uja sadzakuuzani zimenezi.

Kwa akuluakulu a boma ndi a sukulu zaukachenjede ndikuti, munthu sangasunge chinthu chomwe sadauzidwe kufunika kwake, ndipo sanganene ngati sakudziwa khomo logogoda. Nkhotakota ali pamndandanda woyembekezera wa UNESCO ngati gawo la njira za ukapolo ndi maulendo a Livingstone, koma woumba njerwa sadamvepo zimenezo. Bwerani mudzayankhule m'misonkhano ya mafumu, m'mizikiti, m'matchalitchi ndi pawailesi za m'madera. Mukapima zinthu zochokera kuno, zotsatira zake zibwerere kuno m'Chichewa, zisathere m'mabuku a Chingerezi omwe mphunzitsi wakumudzi amawaona mwamwayi pafoni. Ana athu aphunzitsidwenso ntchitoyi kuti mawa opima mikanda ya Nkhotakota adzakhale a ku Nkhotakota.

Kusukulu kwathu tidagula kope limodzi lachikuto cholimba. Mwana aliyense akamva kuti kwinakwake kwapezeka chakale, amalemba tsiku, mudzi, kuya kwake ndi zomwe zidali pafupi. Lamulo lathu ndi limodzi: sitikumba. Ena ayamba kufunsa agogo awo maina akale a mikanda ndi omwe ankaloledwa kuivala, popeza akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo zomwe iwo akudziwa makina sangazipime.

Tsamba loyamba la kopelo adalemba ndi mtsikana uja. Atamaliza adatenga umodzi mwa mikanda itatu ija, wofiira kunja ndi woyera m'kati, n'kuuika pachikhatho.

"Aphunzitsi, mwati mikanda idali ndalama, ndipo zombo zinkanyamula anthu. Ndiye kuti umenewu udagulapo munthu?"

Kalasi idangoti zii. Ndidamuuza kuti Chemistry ingatiuze mchenga, phulusa ndi golide zomwe zili m'katimo, koma chomwe mkandawo udasinthanitsidwa nacho ingathe kutiunikira ndi nthaka yomwe udagonamo. Mwina udali m'chiuno mwa mkwatibwi, mwina udali m'thumba la wogula anthu. Iye adayang'ana kunja, komwe kumaonekera utsi wa uvuni wa njerwa, n'kubwezera mkandawo m'pepala lake mosamala.

Njerwa za m'dzenje lija zidaotchedwa mwezi wa August, ndipo pano ndi khoma la nyumba. Tako la botolo ndi mikanda itatu zili m'kabati yathu, pambali pa kope, kudikira tsiku lomwe odziwa ntchitoyi adzafike.